Mwafunsa, Tayankha: Munga wa Paulo ndi Minga ya Kwathu Kuno

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza 2 Akorinto 12:7-10. M'mavesi amenewa Paulo akunena za munga umene unali m'thupi mwake. Anapempha Ambuye katatu kuti auzule, koma anayankhidwa kuti chisomo chawo chikumukwanira, popeza mphamvu yawo imaonekera kwathunthu pa munthu wofooka. Mawuwa atonthoza anthu ambiri. Apweteketsanso ambiri pamene owalalikira sanasiyanitse chofunika kuchipirira, chofunika kulapa, chofunika mankhwala ndi chofunika kuchikana. Mayina a olemba tawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 amagwa khunyu. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi ndipo kugwa kunachepa. Mneneri wina amene anabwera m'mudzi mwathu anamupempherera, nandiuza kuti nditaye mapiritsiwo chifukwa kumwa mankhwala utapemphereredwa ndi kukayikira Mulungu. Ndinatayadi. Tsiku lachinayi anagwa kawiri, napsa mkono pamoto. Mneneriyo akuti chikhulupiriro changa n'chochepa. Kodi ndine ndikumudwalitsa mwana wanga? (Mayi wa ku Domwe, Angonia, Mozambique)

YANKHO: Mayi, si inu mukumudwalitsa. Mawa lomwe mubwerere naye kuchipatala chimene anamulembera mapiritsiwo, mutenge khadi lake, ndipo mukanene mosabisa tsiku limene anasiya kumwa. Akamuonenso bala la pamkonolo. Musabwereke mapiritsi kwa munthu wina wakhunyu, chifukwa mlingo wa mwana amauwerengera potengera kulemera kwake, ndipo mankhwala ena amayambidwanso pang'onopang'ono.

Zimene zinachitika tsiku lachinayilo azachipatala amazidziwa bwino. Khunyu ndi matenda a mu ubongo. Mankhwala ake, monga phenobarbital, carbamazepine kapena valproate, amaletsa kugwa pokhapokha akamapezeka m'magazi tsiku ndi tsiku. Akasiyidwa mwadzidzidzi amatha m'thupi pakapita masiku ochepa, ndipo kugwa kumabwerera mwaukali, nthawi zina motsatizana mwana osatsitsimuka pakati. Kugwa kotereku kumapha. Zikanachitika chimodzimodzi kwa mwana wa mneneri yemweyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu akhunyu okwana 7 mwa 10 alionse atha kukhala osagwa akamalandira mankhwala oyenera. Mwana akatha zaka ziwiri osagwa, adokotala ndiwo angaganize zochepetsa mankhwala pang'onopang'ono.

Akagwa, mumusuntheni kutali ndi moto kapena madzi, muike chitenje chopinda kumutu kwake, ndipo musamupanikize. Musamulowetse supuni, chala kapena madzi m'kamwa; lilime sangalimeze, koma supuni itha kumuthyola mano ndipo madzi atha kumutsamwitsa. Kuphupha kukatha mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke. Onani nthawi pa foni. Kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani naye kuchipatala. Matendawa sapatsirana kudzera m'malovu kapena mwanjira ina iliyonse, choncho asamupatulire mbale kapena kumuletsa sukulu. Chomuletsa ndi kuotha moto yekha, kukasamba kumtsinje yekha ndi kukwera mitengo.

Zoyambitsa khunyu zilipo zingapo: malungo a mu ubongo, kuvutika pobadwa, kumenyeka mutu. Kuno ku Angonia kumene timaweta nkhumba zambiri kuli chinanso. Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, m'matumbo mwake mumakula njoka. Mazira ake amatuluka munthuyo akadzithandiza, ndipo wina akawameza m'madzi kapena m'zakudya zogwiridwa ndi manja osasamba, tizilombo take titha kukakhazikika mu ubongo. Chimbudzi pakhomo, khola la nkhumba ndi sopo zimateteza ana ena m'mudzimo.

Tsopano za chikhulupiriro chanu. Ku Efeso anthu ankachira ndi nsalu zimene zakhudza thupi la Paulo (Machitidwe 19:11-12), koma Paulo yemweyo sanachotseredwe munga wake. Trofimo anamusiya akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20). Timoteo, amene ankadwaladwala m'mimba, sanamuuze kuti akuperewera chikhulupiriro. Anamuuza choti azimwa (1 Timoteo 5:23). Mfumu Hezekiya Mulungu atamulonjeza kuchira, Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pachithupsa chake (2 Mafumu 20:7). Wina adzakuwerengerani Marko 9, kuti mwana amene ankagwera pamoto uja anali ndi mzimu woipa. Muwerengereni Mateyu 4:24, pamene akhunyu atchulidwa padera ndipo ogwidwa ndi mizimu atchulidwanso padera. Ndipo mu Marko 9 momwemo bambo wa mwanayo anavomera pamaso pa Yesu kuti chikhulupiriro chake n'chosakanikirana ndi kukayika, koma Yesu sanamubweze.

Munthu amene wodwala akachira amatenga ulemu, akapanda kuchira n'kukankhira mlandu kwa mayi wa mwana, ndi wofunika kumuopa. Yakobo 5:14 akuti muitane akulu a mpingo, kutanthauza anthu okudziwani, amene mwezi wamawa adzakhalapobe. Abwere apemphere, mwana akumwa mapiritsi ake pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Mmodzi wa iwo azikukumbutsani tsiku lokatenga ena kukatsala sabata kuti athe, makamaka nthawi ya mvula pamene misewu imavuta.

FUNSO: Andisankha kukhala mkulu wa mpingo pa nyumba ya mapemphero ya kwathu. Abusa amafika kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, choncho kulalikira kumagwera ife akulu. Ine ndili ndi chibwibwi, ndipo sukulu ndinalekera kalasi 4 nthawi ya nkhondo. Achinyamata ena amaseka ndikaimirira. Ndikane udindowu? (Bambo wa ku Tsangano)

YANKHO: Bambo, ngati chifukwa chake ndi lilime lokha, musakane. Werengani zoyenereza woyang'anira mpingo pa 1 Timoteo 3:1-7. Pafupifupi zonse ndi za khalidwe: mwamuna wa mkazi mmodzi, wosaledzera, wosakonda ndewu, wosakonda ndalama, wosunga bwino banja lake. Kudziwa kuphunzitsa kulipo, koma kuthwa pakamwa palibe. Mose atadandaula za lilime lake lolemera, Mulungu sanaliwongole. Anamupatsa Aroni kuti azimulankhulira (Eksodo 4:10-16). Za Paulo, ena ku Korinto ankati makalata ake ndi amphamvu koma mwini wake akafika ndi wofooka ndipo kalankhulidwe kake n'kachabe (2 Akorinto 10:10).

Mbiri ya mpingo kwathu kuno ilinso kumbali yanu. Amishoni a Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso m'chaka cha 1909, koma mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchito yawo ndipo anachoka. Kwa zaka makumi angapo amene ankasonkhanitsa Akhristu anali akulu a m'midzi, ambiri osapita patali ndi sukulu, ndipo ofuna ubatizo ndi mgonero ankawolokera ku Nyasaland. Mpingowo sunafe. Lero sinodi yake imadziwika ndi dzina lomwelo la Mphatso, ndipo ku Ulongwe kuli sukulu ya ubusa ya Hefsiba.

Koma kufooka si chilolezo chokwera pa guwa osakonzeka. Ena amati Mzimu adzandipatsa mawu ndikaimirira. Lonjezo limenelo, pa Mateyu 10:19, linaperekedwa kwa ogwidwa amene akukaimbidwa mlandu, osati kwa munthu amene anali ndi sabata yathunthu. Lolemba sankhani ndime yaifupi, ya mavesi 8 mpaka 12, makamaka nkhani ya m'Mauthenga Abwino, chifukwa nkhani imadzikumbutsa yokha. Muziiwerenga mokweza tsiku lililonse, ngakhale podikira m'munda. Lachitatu dzifunseni: chinachitika n'chiyani, chikutionetsa chiyani za Mulungu, nanga munthu wa pamudzi pano achite chiyani sabata ino? Lachisanu lembani papepala limodzi chiganizo choyambira, chiganizo chomalizira, ndi mawu atatu okukumbutsani za pakati. Loweruka lalikirani kwa mayi a kunyumba, ndipo akuuzeni pamene sanamve. Mphindi 15 n'zokwanira.

Za chibwibwicho, zimene zimachikulitsa ndi kuthamanga, kuumitsa nsagwada ndi kulimbana ndi mawu amene akakamira. Mawu akakakamira imani, tulutsani mpweya pang'ono, muwayambenso mofewa. Kwa inu kuimako kumaoneka ngati kwatalika, koma kwa omvera ndi kanthawi kochepa. Anthu ambiri achibwibwi saphonya poimba, choncho yambitsani nokha nyimbo musanalalikire kuti mpweya ukhazikike. Lamlungu loyamba nenani kamodzi kokha kuti muli ndi chibwibwi ndipo nthawi zina muziima. Musapepese Lamlungu lililonse, chifukwa mukatero anthu amayamba kumvetsera lilime m'malo mwa uthenga. Musatsanzirenso alaliki ofuula a pa wailesi.

Kuwerenga Malemba mupatseni mmodzi wa anyamata osekawo, mumuuze Lachitatu kuti akonzekere. Akaimirira kutsogolo mawondo akunjenjemera adzadziwa kulemera kwake, ndipo inu mudzakhala mwapeza Aroni wanu.

FUNSO: Ndine mlimi wa fodya. Ndikagulitsa, ndalama sizitha mwezi, zimathera ku kachasu. Tsopano ndimamwa tsiku lililonse, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka nditalawako. Ndapempha Mulungu kambirimbiri kuti andichotsere chilakolakochi. Mnzanga wa kumpingo akuti umenewu ndiye munga wanga ngati wa Paulo, ndingodalira chisomo. Zoona? (Bambo wa ku Furancungo, Macanga)

YANKHO: Ayi bambo, mnzanuyo wakunamizani, ngakhale mwina amafuna kukutonthozani. Paulo anatchula yekha zofooka zimene ankanena: kunyozedwa, kusowa, kuzunzidwa ndi kupanikizidwa chifukwa cha Khristu (vesi 10). Izi ndi zimene zinkamugwera. Sanaikepo tchimo limene ankalibwereza. Munga wa Paulo unkabaya Paulo, pamene wanuwu ukubaya mayi a kunyumba ndi ana amene chimanga chiwathera mu Novembala. Aefeso 5:18 akuletsa kuledzera poyera, ndipo Aroma 6:1-2 akuyankhiratu aliyense woganiza zokhalabe mu tchimo podalira chisomo.

Kufooka kwenikweni kulipo m'kalata yanu, koma kuli pena: simungathe kusiya nokha. Kuvomereza chimenechi pamaso pa anthu ndi kumene kukukuvutani, ndipo thandizo la Mulungu limayambira pomwepo. Mwakhala mukupemphera mobisa, pamene Yakobo 5:16 akuti tiululirane machimo ndi kupemphererana.

Chenjezo loyamba ndi la thupi. Kunjenjemera kwa m'mawako kukusonyeza kuti thupi lanu lazolowera mowa. Munthu wotere akasiya mwadzidzidzi, pakatha maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera kwambiri, kutuluka thukuta ndi kusanza. Ena amagwa ngati akhunyu, ndipo tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe. Apa m'pamene anthu amati wagwidwa ndi ziwanda, n'kumusunga m'nyumba ya mapemphero, chonsecho ndi vuto lofunika chipatala mwamsanga, ndipo limapha. Choncho musalumbire pa guwa kuti kuyambira lero basi. Pitani kaye kuchipatala, mukanene kuchuluka kwa zimene mumamwa osachotsera. Ali ndi mankhwala okhazikitsa thupi pa masiku oyambawo, ndi mavitamini oteteza ubongo.

Kenako sankhani amuna awiri osamwa, mmodzi akhale mkulu wa mpingo. Muwauze zonse mayi a kunyumba ali pomwepo. Mmodzi azikuonani maso ndi maso kawiri pa sabata, ndipo tsiku limodzi mwa awiriwo likhale la msika. Ndalama za fodya musakalandire nokha. Kampani ikadula ngongole ya zipangizo, zotsalazo zigawidwe tsiku lomwelo: feteleza wa chimanga agulidwe, za sukulu zipatulidwe, zina zilowe mu M-Pesa kapena e-Mola pa foni ya mayi, nambala yachinsinsi aziidziwa okha. Mwamuna amaona ngati kumeneku n'kuchepetsedwa. N'kuchepetsedwadi, ndipo kuli bwino kuposa kugulitsa mbuzi mu Januwale. Sinthani njira yochokera kumunda ngati imadutsa pamene amatcheza, ndipo madzulo musakhale ndi njala kapena opanda chochita, chifukwa chilakolako chimakwera nthawi imeneyo. Chikafika chimakula kenako n'kutsika, kawirikawiri pasanathe theka la ola, choncho tulukani mukapeze munthu.

Mukagwa, nenani tsiku lomwelo. Chimene chimabwezera anthu ambiri m'mbuyo si botolo loyambalo, koma manyazi amene amawabisitsa kwa sabata yathunthu. Ndipo kumbukirani Zakeyu pa Luka 19:8, amene kulapa kwake kunali ndi masamu. Lembani ngongole zonse za pa mowa ndi katundu wa pakhomo amene munagulitsa, muyambe kubweza chimodzichimodzi.

FUNSO: Apongozi anga aakazi anachita sitiroko chaka chatha ndipo anafa ziwalo mbali imodzi. Kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwachapira ndimachita ndekha. Amuna anga amagwira mashifiti ku mgodi, alamu anga sabwera. Usiku wina ndinawakalipira mayiwo mpaka analira. Kupemphera kwandikanika. Amayi anzanga a chigwirizano amati Mulungu sapatsa munthu katundu woposa mphamvu zake. Nanga ine bwanji ndalephera? (Mayi wa ku Moatize)

YANKHO: Mayi, mawu amene akukuuzaniwo mulibe m'Baibulo momwe akuwaneneramo. 1 Akorinto 10:13 akunena za mayesero okokera ku tchimo, kuti Mulungu amaika populumukira. Za katundu, Paulo akunena zosiyana pa 2 Akorinto 1:8-9: ku Asiya anapsinjika koposa mphamvu zawo mpaka anataya chiyembekezo choti akhala ndi moyo. Choncho katundu woposa mphamvu za munthu mmodzi alipo, ndipo wanuyu ndi mmodzi mwa iwo. Wodwala wosatha kudzitembenuza amafunika kutembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku. Palibe munthu amene angachite zimenezo yekha kwa chaka osathyoka.

Onani zimene Mulungu anachita ndi Eliya pa 1 Mafumu 19, atathawira m'chipululu n'kupempha kuti afe. Sanayambe ndi ulaliki. Anamulola kugona, namupatsa mkate ndi madzi, namulola kugonanso, namudyetsanso. Kulankhula kunabwera pambuyo pake ku Horebu, ndipo pamapeto anamupatsa Elisa woti amuthandize. Inunso yambirani pa tulo ndi pa anthu.

Uzani amuna anu mosazungulira kuti simungapitirize motere, ndipo aitanitse msonkhano wa banja. Iwo ndi amene aitane, osati inu, kuti nkhani isasanduke ya mkamwana wokana apongozi. Pakhale ana onse a mayiwo, mwini mbumba ndi ankhoswe. Kaya kwanu mumatsata chikamwini kapena chitengwa, palibe mwambo umene umamasula ana obereka mayiwo. Pamsonkhanopo musapemphe kuti azithandizako, chifukwa aliyense adzavomera ndipo palibe adzabwere. Lembani papepala: uyu agona pano Lachiwiri ndi Lachisanu, uyu atumiza ndalama za sopo ndi matewera pa 5 mwezi uliwonse, uyu apita nawo kuchipatala. Inu mupeze masiku awiri pa sabata ogona usiku wonse, ndi theka la tsiku lochokapo pakhomo. Amayi a chigwirizano nawonso apempheni chinthu chodziwika: awiri abwere Lachinayi kudzachapa, mmodzi akhale ndi wodwala Lamlungu kuti inu mukapemphere. Agalatiya 6:2 akuti tinyamulirane zothodwetsa, ndipo kunyamula kumafuna manja.

Onse osinthana nanu aphunzire zinthu izi. Tsiku lililonse aone khungu la m'chiuno, kumunsi kwa msana, m'mapewa ndi ku zidendene. Malo ofiira kapena akuda kuposa khungu lozungulira ndi chiyambi cha chilonda, ndipo asagonerenso pamenepo mpaka pabwerere. Pogona pakhale pouma ndi posakwinyika. Podyetsa awakhazike tsonga, chakudya chikhale chofewa, supuni zing'onozing'ono, ndipo akhalebe tsonga kwa mphindi 30 akatha kudya, chifukwa chakudya cholowera ku mapapo chimayambitsa chibayo. Mkono ndi mwendo wakufawo aziupinda ndi kuuwongola mofatsa kawiri pa tsiku, koma asawadzutse powakoka mkono umenewo, phewa limaguluka. Ponyamula pakhale anthu awiri ogwira nsalu yoyala pansi pawo, kuti misana yanu isapweteke. Mapiritsi a BP asadumphe.

Apongozi anu apepeseni ndi mawu ochepa. Odwala sitiroko ambiri amamva zonse ngakhale akulephera kuyankha. Za pemphero musadzikakamize mawu ambiri. Aroma 8:26 akuti Mzimu amatithandiza m'kufooka kwathu pamene sitidziwa chopempha, ndipo Salimo 88 ndi pemphero la munthu wotopa limene limatha osawala n'komwe, koma lili m'Baibulo. Mukaona kuti kwa masabata awiri simukugona ngakhale mpata ulipo, chakudya sichikulowa, kapena mukuganiza zodzipweteka kapena kupweteka wodwalayo, kaonaneni ndi azachipatala msanga.

FUNSO: Ndine wophunzira, ndipo ndimaona ngati chiphunzitso cha mphamvu m'kufooka chimagoneka anthu tulo. Mayi woyandikana nafe amamenyedwa ndi mwamuna wake, koma akulu a mpingo anamuuza kuti apirire, ndi mtanda wake. Kodi chikhristu si chimenechi? (Mnyamata wa mumzinda wa Tete)

YANKHO: Achimwene, akuluwo analakwitsa, ndipo Paulo amene akumugwiritsa ntchitoyo sakanawavomereza. Atakwapulidwa ku Filipi popanda kuzengedwa mlandu, anakana kutulutsidwa m'ndende mwakachetechete mpaka oweruza anabwera okha kudzapepesa (Machitidwe 16:37-39). Ataona kuti mlandu wake sukuyenda mwachilungamo anachita apilo kwa Kaisara (25:11). Ndipo mavesi ochepa chabe asanafike pa nkhani ya munga, akusimba mmene anathawira kuchoka ku Damasiko atatsitsidwa mu dengu pa zenera la linga (2 Akorinto 11:32-33). Kuthawa wofuna kukupweteka iye anakuwerengera m'gulu la zofooka zimene sachita nazo manyazi.

Mayiyo ali ndi ufulu wochoka pamalo oopsa. Dziko lathu lili ndi lamulo nambala 29/2009 loletsa nkhanza za m'banja kwa amayi, ndipo ku polisi kuli ofesi yolandira madandaulo otere, Gabinete de Atendimento à Família e Menores. Akavulazidwa apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti mabala alembedwe. Asunge ziphaso zake ndi za ana kwa munthu wodalirika, ndipo adziwiretu nyumba yothawirako usiku. Inu musakalimbane ndi mwamunayo. Uzani mayi wachikulire amene womenyedwayo amamukhulupirira kuti amuperekeze. Woyenera kuitanidwa ku bwalo la mpingo ndi womenyayo.

Kufooka kumene Malemba amakuyamikira si kukhala chete. Pa 30 Okutobala 1985, ansembe awiri a chipani cha Ajezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mbadwa ya kwathu konkuno, ndi Bambo Sílvio Moreira ochokera ku Portugal, anatengedwa usiku ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi, naphedwa. Analibe mfuti kapena wowateteza. Anakhalabe pakati pa anthu nkhondo ili mkati, ndipo sankabisa mawu pa nkhanza zimene anthu wamba ankachitiridwa. Dayosizi ya Tete inayambitsa ndondomeko yoti Mpingo uwavomereze ngati ofera chikhulupiriro. Anthu ogona tulo saphedwa chifukwa cha zolankhula zawo.

FUNSO: Ndimatsogolera kwaya ndipo ndimamwa ma ARV. Ndimakatengera kutali kuti anthu a kumpingo asandione pamzere. Ndalama ya chapa (minibasi) ikasowa ndimakhala sabata kapena awiri osamwa. Ndikadziwika adzandichotsa pa udindo. Nditani? (Mlongo wa ku Zobwe)

YANKHO: Achemwali, simukukakamizidwa kuulula kwa mpingo wonse, koma njira imene mwasankhayi ikuika moyo wanu pachiswe. Kudumphadumpha kumapatsa kachilombo mpata wochulukana ndi wozolowera mankhwala, mpaka amene mukumwawo adzasiya kugwira ntchito. Pa ulendo wotsatira kanene masiku onse amene munadumpha, mupemphe kuyezedwa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ndi kalata yosamutsira ku chipatala cha pafupi. Zotsatira zikakhala bwino funsani zolandira mankhwala a miyezi itatu nthawi imodzi.

Funsaninso za magulu a GAAC. Anayambira m'chigawo chathu chomwechino cha Tete mu 2008: anthu osapitirira 6 a dera limodzi amagwirizana, ndipo amasinthana kupita kukatengera onse mankhwala. Anayambitsidwa chifukwa cha vuto lanu lomweli la mtunda ndi ndalama ya ulendo, ndipo njirayi inafalikira dziko lonse. Onse m'gulumo ali ndi chinsinsi chofanana ndi chanu.

Za udindo, kukhala ndi kachilombo si mlandu wa bwalo la mpingo, ndipo Yesu anakana kulumikiza matenda ndi tchimo la wodwala pa Yohane 9:1-3. Paulo sanabisire Agalatiya kuti anafika kwawo akudwala, ndipo anawayamikira kuti sanamunyanside (Agalatiya 4:13-14). Sankhani munthu mmodzi wosunga pakamwa, kaya amayi abusa kapena mlangizi wachikulire, mumuuze mwezi uno. Akhale woti angakutengereni mankhwala tsiku limene mwadwala kapena kwaya ili paulendo, ndipo dzina lake mukalembetse kuchipatala.